Mdima Wosathawa Nyali

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka masana ano, wodi ya maso ya amuna, bedi lachinayi kuchokera pakhomo. Ndayamba kope lino kuti ndisamangowerenga ming'alu ya kudenga.

Vuto ndi diso lamanja. Lachisanu ndikumwa tiyi ndinaona timadontho takuda tikuuluka ngati ntchentche, kenako chinthu chonga katani chinayamba kutseka kuchokera pakona. Adokotala, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga, akuti kansalu ka kumbuyo kwa diso, kamene kamalandira kuwala, kamatuka. Mawa akakamata. Lamanzere linafooka kalekale: limaona kadera kakang'ono ngati munthu wosuzumira pabowo la kiyi, ndipo bowolo likunka litsekeka chaka ndi chaka. Choncho diso lodalira ndili nalo limodzi, lomwe akalicheke mawali.

Akazi anga abweretsa sopo, kapu, malalanje anayi ndi katoni ya M. Ndinawauza kuti bola aiwale sopo kusiyana ndi katoniyo. Wina akadzatola kope lino adziwe kuti ndinaphunzitsa Chingerezi mpaka kupuma ntchito, ndipo kwa zaka makumi awiri ndakhala ndikulemba dikishonale yomasulira Chingerezi m'chinenero chathu. Mawu aliwonse ali ndi khadi lake, makhadiwo timasunga m'makatoni a nsapato. Ine ndimanena, iwo amalemba, poti zolemba zanga zimakhala ngati papalasa nkhuku. Pakona ya khadi timaikapo chilembo cha amene wapereka tanthauzo. Makhadi onse ali ndi chilembo changa.

Ndaima pa mawu akuti murk. Ino ndi sabata yachitatu ndili pomwepo.

Lachiwiri, 4

Osadya kuyambira mbandakucha. Kufiyeta, kochitira opaleshoni, 10 koloko. Ndatuluka cha m'ma 1, diso litamatidwa, mseru. Pentopeni ikundilemera.

Lachitatu, 5

Ndikulemba nditagona chafufumimba, mutu utapitirira m'mphepete mwa bedi, chipumi chili pamtsamiro, kope lili pakampando pansi pa nkhope yanga. Zilembo zikuluzikulu kuti lamanzere lizione.

Adokotala afotokoza motere. Kansalu kaja akamata, ndipo m'disomo aikamo thovu la mpweya kuti lizikanikiza pomatapo mpaka pagwire. Thovu limathamangira m'mwamba, ndiye kuti likanikize kumbuyo kwa diso, nkhope iyenera kuloza pansi. Masiku khumi. Kudya, kupita kuchimbudzi, zonse chibwano chili pachifuwa. Kudzutsa mutu ndi nthawi ya mankhwala yokha. Anabwereza kawiri kuti iwo mbali yawo achita, yotsalayi ndi yanga. Anamwino aakulu, amene odwala amawatcha a Sajeni, anaonjezera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawauza kuti mwambiwo ndinauphunzitsapo iwo asanabadwe.

Dziko langa tsopano ndi matailosi asanu ndi limodzi komanso mapazi a anthu. A Sajeni, nsapato zoyera zolira. Wokolopa, majombo. Pabedi lachisanu pali mapazi aakulu ong'aluka, zala zotayana, eni ake mawu ngati ng'oma. Wodi yonse imawatcha a Chule, chifukwa ntchito yawo inali yomira m'madamu ndi m'matanki kukachotsa zinyalala zotseka mapaipi a madzi. Ali ndi chilonda pagalasi la diso limodzi, amawadontheza mankhwala ola lililonse. Sitinakhale n'komwe pansi kudziwana, andiyamba kale kuti achimwene. Ndiye akazi anga atafika, basi asanduka alamu.

Lachinayi, 6

Diso likuluma ngati muli mchenga. Mankhwala kanayi pa tsiku, mabotolo atatu: la chivundikiro chofiira, la choyera, ndi la chachikasu lomwe limawawa. Khosi ngati ndasenza thumba la simenti.

Masana ndinati tigwire ntchito. Akazi anga anakhala pamphepete pa bedi n'kundiwerengera khadi. Chiyambi cha mawuwa ndinamaliza kale ndipo sindikayika: mabuku amati anachokera ku chinenero chakale cha anthu a kumpoto kwa Ulaya, kumene ankati myrkr, ndipo Chingerezi chakale chinali ndi m'bale wake, mirce. Masiku ano eni ake sawatchula kawirikawiri. Amakonda mwana wake, murky, ponena za madzi ovunduka, mpweya wa utsi, ngakhalenso nkhani zokayikitsa zimene anthu safuna kuti uzione bwino. Pondivuta ndi pa tanthauzo. Ndinalemba kuti mdima, koma mdima ndinaupereka kale kwa darkness. Chisisira chinapita kwa dusk, nkhungu kwa fog. Ndikati chimbuuzi, chikupepuka, mulibemo mantha. Munthu sapatsa ana awiri dzina limodzi.

Tili mkati mokambirana, ng'oma ija inalira kuchokera pabedi lachisanu.

"Achimwene, pepani kulowerera. Mdima mukuvutika nawowo ine ndagwiramo ntchito moyo wanga wonse. Mdima wamba ndi wamantha, ukayatsa nyali umathawa. Wa pansi pa damu suthawa. Ukayatsa tochi umangoyera mbuu n'kukuyandikira. Kuwala kulipo, koma sikukuthandiza."

Akazi anga anati "Eetu," motsitsa mawu, ngati munthu amene wapeza kiyi wotayika. Ine ndinathokoza mwaulemu n'kunena kuti dikishonale siilembedwa ndi nkhani za m'basi. A Chule sanakhumudwe. Anati Azungu anangowapanga mawuwo, koma iwo anawamwa ndithu, mpaka kutsegula nawo m'mimba. Akazi anga anaseka chikhakhali, bedi langa mpaka kugwedezeka. Kuseka kotero ndinakumva komaliza ana athu ali aang'ono.

Zandiwawa. Ine masabata atatu ndi mabuku asanu, iye mphindi imodzi atagona chagada.

Lachisanu, 7

Ayeza kukanikiza kwa madzi a m'diso: 24. Akuti n'kokwererako pang'ono, aonjezera botolo lachinayi.

Alendo amalowa kawiri, 12 koloko ndi 4 koloko. Akazi anga ndimawadziwira nsapato zakuda zafulati, chidendene chamanzere chodyeka. Lero zinafika pabedi langa, zinaima, moni, fulasiki pakabati, dzanja pamsana panga kamodzi. Kenako masitepe atatu kulowera kubedi lachisanu. Wotchi yanga ili pakampando pomwepa, choncho sindikunamizira munthu: mphindi khumi ndi imodzi. Ndinamva fungo la lalanje. Langa.

Atabwerera ndinafunsa ngati malalanje achuluka kunyumba. Anati munthuyo alibe womuyendera, akazi ake anamwalira chaka chatha, mwana wake ali kutali. Anafunsa ngati ndikufuna kuti azingodutsa ngati sakumuona. Chifundo ndi chabwino, inenso ndimachilalikira. Kungoti ndikanakonda wamasiyeyo akanakhala wachete, wopanda mano.

Loweruka, 8

Mutu. Madzi a m'diso 31. Mapiritsi awiri owawa, zala zikuchita dzanzi, akuti ndi mankhwalawo. Kubedi lachisanu mphindi khumi ndi zinayi. Anaseka katatu.

Lamlungu, 9

Madzi atsika, 22. Ndadya mpunga ndi dzira, mbale ili pakampando, ngati galu.

Nsapato zasintha. Lero zabwera zofiirira za chomangira chagolide, zimene anagulira ukwati wa mwana wathu wamkazi. Zimakhala m'katoni pamwamba pa wodilobu, ndipo ine ndikapempha kuti azivale popita kutchalitchi amati zimawathina. Lero sizikuthina. Azipukuta mpaka ndikuonamo babu la kudenga.

A Chule anati alamu lero ndiye mwatchena, wodi yawala. Ena a m'mabedimu anavomereza. Ine sindingatsutse kapena kuvomereza, poti sindinaone. Iye ndi diso lake limodzi akuona munthu yense, duku, ndolo, kumwetulira, pamene ine mwini wake ndikuona akakolo.

Ndine munthu wamkulu, wa imvi, wophunzira. Ndikudziwa dzina la chimene chikundidyachi m'zinenero ziwiri, ndipo tanthauzo la pakhadi lake m'katoni ya J ndinapereka ndekha. Kudziwako sikukuthandiza chilichonse. Ndikuchita nsanje.

Lolemba, 10

Adokotala anaunika n'kunena kuti pomata pakugwira bwino, thovu likadali lalikulu. Kwatsala masiku asanu. Anandiyamikira kuti ndine wodwala womvera.

Masana akazi anga anati ali ndi kanthu koti andiwerengere. Anali atalemba khadi latsopano kunyumba, paokha, osandifunsa. Likuti: murk, mdima wokhala ndi thupi, wa m'madzi ovunduka, m'nkhungu kapena mu utsi, mdima umene suthawa nyali.

Ndinafufuza cholakwika ngati momwe ndinkachitira ndi chimangirizo cha mwana wamwano. Ndinati mawu akuti thupi si a m'dikishonale. Ndinati nyali ikudzatani m'tanthauzo. Ndinati tikayamba kutola matanthauzo kwa aliyense wogona naye wodi imodzi, buku lidzakhala msika. Iwo anangofunsa modekha ngati tanthauzolo ndi labodza. Apo ndinapsa mtima, chifukwa si labodza. Ndinati aling'ambe.

Ndinatchera khutu kudikira kulira kwa pepala. Chimene ndinamva ndi zipi ya chikwama. Zaka makumi awiri sanandikanirepo khadi ngakhale limodzi, ndipo lero akanira la munthu amene amudziwa masiku asanu.

Madzulo sanakhalitse pabedi langa. Kubedi lachisanu sikunamveke kuseka, kunamveka manong'onong'o. Bola kuseka kuja, ndinkamva chimene akusekera.

Lachiwiri, 11

Ndalakwa, ndipo ndilemba momwe zinakhalira.

4 koloko nsapato zofiirira zinapitanso kumeneko. Zinaima pafupi kwambiri ndi mapazi aja, kenako zinatukuka pang'ono, kusonyeza kuti mwini wake wakhala pabedi. Manong'onong'o. Ndinamva a Chule akuti, "Tsinzinani, alamu. Ayi, musabere. Bweretsani dzanja." Kenako zii.

Ndinadziuza za nkhono. Ndinawerenga matailosi. Ndinadzikumbutsa kuti diso ndi limodzi. Kenako ndinadzutsa mutu.

Pabowo langa la kiyi ndinayamba ndapeza kabati, kenako zenera, kenako iwo. Akazi anga atatsinzina, manja awo ali m'manja mwa a Chule, zala zikuyenda pa kachingwe koyera. Akumwetulira ngati mtsikana. Kachingweko ndinakaona ndithu, koma aliyense wofuna kugwira dzanja la mkazi wa mwini sasowa chonamizira. M'diso lamanja thovu linkagwedezeka ngati madzi m'botolo. Ndinakhala choncho mpaka nsapato za a Sajeni zinalira m'khonde. Wotchi ikuti mphindi khumi ndi zisanu.

Potsanzika akazi anga anandisisita m'mutu. Ndinadzigonetsa tulo.

Lachitatu, 12

Ndapeza nzeru, ngati ndi nzeru. Ndikagona chammbali, bulangete kumutu, n'kusiya kampata, wondiona amayesa ndili chafufumimba. Ndachita zimenezi masana ndi madzulo. Kachingwe komwe kaja, manja omwe aja. Lero analowetsamo ndi katoni yanga ya M, iye akupisamo zala zake zong'aluka.

Alendo atapita sindinatembenuke msanga. Khosi linali kumva bwino, komanso ndinkafuna kuiona nkhope ya Chuleyo. Si wooneka bwino n'komwe. Dazi, mphuno yophwanyika. Zikanandipepukira akanakhala wokongola.

A Sajeni anafunsa ngati ndikusunga lamulo. Ndinati kwambiri.

Lachinayi, 13

Chammbalinso. Wokolopa atadutsa, wodi ili phee, a Chule anandilankhula motsitsa mawu. Anati akundiona kuyambira dzulo, ndipo ngati sindibwerera pansi auza a Sajeni. Anati diso si dzino loti n'kuikirira lina.

Ndinawayankha kuti asamale lawo, ndipo manja a akazi a eni ake awasiye.

Ndinayembekeza kuti akana, kapena akwiya, ndipo ndinali nditakonzeka pa zonse ziwiri. M'malo mwake anapumira m'mwamba n'kunena kuti nkhani imeneyo andiuza okha alamu, chifukwa anawapempha kuti asanene kanthu. Ndiye kuti ilipo nkhani. Ali ndi chinsinsi chawo awiri, ine ndine wachitatu wopanda pake.

Ndinatembenukira pansi kuti asandinenere. Madzulo akazi anga anabweretsa buledi ndi nthochi. Ndinati sindikumva njala.

Lachisanu, 14

Katani ya m'diso ija yabwerera. Ndinaiona m'mawa pothira mankhwala, pakona pomwe paja.

Adokotala anaunika nthawi yaitali. Kenako anazimitsa nyali yawo n'kundifunsa ngati mutu unali pansi masiku onsewa. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Anayankha ndi a Sajeni, amene a Chule anali atawauza kale m'mawa womwewo.

"Sindinganene kuti chachititsa ndi chimenecho chokha," anatero adokotala. "Nthawi zina kamamatukanso kokha. Koma simunandithandize, bambo."

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandikalipira. Opaleshoni ina Lolemba, ulendo uno aikamo mafuta m'malo mwa mpweya. Ndinafunsa ngati ndidzawerenganso. Anati tiyambe tapulumutsa kuwala, za kuwerenga asandilonjeze.

Mpaka Lolemba akuti ndikhoza kukhala tsonga. Ufulu ndaupeza, koma ndaugula ndi diso.

Loweruka, 15

Dzulo akazi anga sanalowe. A Sajeni anawaimitsa pakhonde n'kuwauza zonse, iwo n'kusiya fulasiki, n'kubwerera. Lero alowa. Kwa nthawi yoyamba m'masiku khumi ndawaona nkhope chapafupi, pang'onopang'ono, kuyambira pachibwano kukwera. Aonda. Sindinadziwe kuti aonda.

Anakoka katani yozungulira bedi n'kukhala pampando, chikwama pamiyendo. Anafunsa chimene ndinkafuna kuona. Ndinayamba ndi malalanje, ndinafika pa khadi, pa manja, ndipo pomaliza ndinatchula nsapato. Ndikuzinena zinkamveka zazing'ono kusiyana ndi momwe zinkamvekera pansi paja.

"Nsapato?" anatero. "Munthu mukungoona nsapato zokha tsiku lonse, ndiye ndizikubwererani ndi zodyeka zija? Zimandithina, bambo. Ndimavalira pageti."

Anatsegula chikwama n'kutulutsa zakuda zija, zili m'pepala. Kenako anatenga katoni ya M n'kuika dzanja langa mkati. Pakati pa makhadi pali timakatoni tolekanitsa, ndipo kalikonse kali ndi kachingwe ka mfundo: imodzi pa ma, ziwiri pa me, zitatu pa mi, mpaka zisanu pa mu. Anati tsiku la opaleshoni lomwe lija adokotala anawauza pambali kuti ngakhale zitayenda bwino, zilembo zing'onozing'ono mwina sindidzazionanso, ndipo lamanzere likutseka. Sanafune kundiuza ndili chafufumimba, kuopa kuti ndingataye mtima n'kudzuka. Ndiye atamva munthu amene wagwira ntchito moyo wake wonse osaona manja ake, anakamufunsa momwe ankapezera zipangizo zake pansi pa madzi. Kutsinzina kuja ankayesa ngati mfundozo zikumveka m'zala. Kunyumba amaliza kale makatoni a A mpaka D.

Ndinati bwenzi atandiuza. Anati inenso bwenzi nditafunsa.

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, ine wolakwa, iwo mngelo. Koma sanamalize.

"Kuseka kokha ndinasekadi, ndipo sindikupepesa. Munthu uja amandifunsa kuti inu mukuganiza bwanji, alamu. Inu zaka makumi awiri mumangoti lembani."

Pa zonse za lero, zimenezi ndi zimene zandilasa. Nsanje yanga inalakwitsa khomo, koma sinalakwitse nyumba. Atatuluka ndinatsala ndikupapasa mfundo zisanu za mu mpaka nthawi ya mankhwala.

Lamlungu, 16

A Chule akutuluka mawa m'mawa. Chilonda chapola, kwatsala kachipsera. Akupita ndi maso awo onse awiri, ndipo ndisaname, zimenezinso zikundiwawa.

Masana anabwera kudzakhala pabedi langa osaitanidwa. Ndinakonza mawu opepesa abwino kwambiri, koma chimene chinatuluka ndi chakuti ndinalankhula mothamanga Lachinayi lija. Anati iwonso anali ndi mkazi, akudziwa. Anati malemu akazi awo anawasiyapo sabata yathunthu chifukwa cha namwino wina amene sankamudziwa n'dzina lomwe.

Anandipatsa chingwe chotalika mikono itatu. Akuti womira sapita yekha, pamakhala wapansi ndi wapamwamba, chingwe pakati. Wapansi akakoka kamodzi ndiye kuti akufunsa, uliko? Wapamwamba amayankha pokoka kamodzinso. Kawiri ndiye kuti ndikoke ndituluke. Pansipo suona kanthu, ndiye umangokhulupirira kuti mnzako sanapite kukamwa tiyi. Ndinafunsa ngati wapamwamba wawo anawasiyapo. Anati ayi, amene anavulala pa ntchito yawo ndi mnzawo wina amene anamasula chingwe kuti ayende yekha.

Ndinamva kumene mawuwo akulowera, ndipo sindinawakonde. Mphunzitsi ndine. Koma chingwecho ndalandira.

Lolemba, 17

Bedi lachisanu ayalapo nsalu zatsopano. Kufiyeta 9 koloko. Ndikuopa.

Lachinayi, 20

Dzanja likulemba panoli ndi la akazi anga, ine ndikungonena. Ndili chafufumimbanso, ndipo adokotala aletsa pentopeni kuti lamanzere lipume. Aliyense angaone kuti tsamba lino likuwerengeka kusiyana ndi enawo.

Opaleshoni inatenga maola atatu. Mafuta akhalamo miyezi ingapo. Madzi a m'diso 19. Mabotolo anayi omwe aja. Kansalu akuti kagwira, koma pakati pake, pamene munthu amawerengera, panaonongeka. Kuwala ndi zithunzithunzi ndiziona. Zilembo ndisayembekezere.

M'mawa a Sajeni anachotsa bandeji n'kundiunika ndi tochi, kufunsa ngati ndikuona. Ndinati ndikuona. Anafunsa kuti chiyani. Sikunali bii ngati momwe ndinkaopera. Kunangoyera mbuu, n'kundiyandikira. Kuwala kunalipo ndithu. Tanthauzo lija ndaliyesa ndi diso langa, ndipo lilibe cholakwika.

Ndawapempha kuti atulutse khadi lija m'chikwama. Lilipo, lapindika pakona. Afunsa kuti pakonapo aikepo chilembo cha ndani. Ndati cha a Chule. Cholembera sichinayende. Afunsa kuti nanga amene analimva kuti ndi loona, n'kulikonza, n'kulibisa mwini dikishonale atalamula kuti ling'ambidwe, ndi ndani. Ndati aike ziwiri. Khadi loyamba lopanda chilembo changa, ndipo ndi limene laposa onse m'katoni ya M.

Ndawauza alembe kuti ndinachita nsanje. Akuti zimenezo aziwerenga kale m'masamba a m'mbuyomu, limodzi ndi mphindi zonse ndinkawerengera zija. Afunsa ngati yatha. Ndati ayi. Sindidzawaonanso bwinobwino akuseka, pamene munthu wina wadazi akuyenda mumsewu ndi chithunzi chimenecho m'mutu mwake. Akuti ndiye ndiyambe kuwasekesa ndekha, makutu ndili nawo. Mawa tiyamba mawu otsatira, ndipo ndafunsa kale kuti iwo akuganiza bwanji. Akuti ndisathamange, aganize kaye.

Chingwe cha a Chule amangirira kudzanja langa, nsonga inayo ili kwa iwo. Nsapato zili pansipa ndi zakuda zija, ndapempha ndine. Ndakoka kamodzi. Akuti ndidikire amalize kulemba chiganizo chino.